Malata a ku Chidontha

M'dziko la Tidzaona matenda analibe tsankho. Malungo ankalowa m'nyumba zong'anima za ku mtunda wa Tafika monga momwe ankalowera m'timanyumba ta udzu ta ku Chidontha, ndipo chifuwa sichinkafunsa munthu kuti wadya chiyani. Kusiyana kunkayamba munthu akangogona pamphasa. Wa ku Tafika ankangoimba foni, dokotala wake n'kutulukira ndi kachikwama, dokotala yemwe uja wa chaka chatha, wodziwa bondo limene limavuta, wodziwa ngakhale dzina la galu wa pakhomopo. Wa ku Chidontha ankamanga chitenje m'chiuno n'kukaima pa mzere ku chipatala cha Bweranimawa, kumene nkhope imene wakumana nayo lero sudzaionanso mpaka tsiku lachiweruzo.

Esnala, mayi wogulitsa thobwa ndi zitumbuwa pa msika wa Tsitsaniko, ankaudziwa mzere umenewo ngati njira ya kuchigayo. Amuna ake, a Fulujensio osoka nsapato, anali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, ndipo miyendo yawo inkatupa mwakuti katswiri wa nsapatoyo ankayenda ndi patapata. Mwezi uliwonse ankapezana ndi munthu watsopano wovala zoyera, ndipo aliyense ankati, "Tayambani poyambirira, bambo." A Fulujensio anayamba poyambirira kambirimbiri mpaka nkhani ya matenda awo inapsa bwino, inali ndi pokwera ndi potsika. Anthu a pa mzere anailoweza, moti akalumpha chigawo ankawakumbutsa kudzera pa zenera kuti, "Mwaiwala za chizungulire cha kutchalitchi chija!"

Koma Esnala sizinkamuseketsa. Wovala zoyera wina anapereka mapiritsi oyera, wina achikasu, wina anakalipa kuti ndani wakupatsani achikasuwa, n'kupereka ofiira. Tsiku lina mapiritsiwo anakangana m'thupi, a Fulujensio n'kugwa chagada pamsika nsapato ya kasitomala ili m'manja. Kuyambira tsiku limenelo Esnala ankakhala ndi mantha. Sankapempha zambiri pa dziko lapansi. Ankangofuna munthu mmodzi wovala zoyera woti akaona amuna ake anene kuti, "A Fulujensio, miyendo ija ili bwanji?" n'kupitiriza pomwe analekezera.

Nkhani ya mzerewu inafika m'makutu a Mfumu Ndakhuta Wachiwiri mwangozi. Mfumu inali pa ulendo wokatsegulira bwalo latsopano la maphwando pamene mdipiti wa galimoto zake unaima, chifukwa mzere wa ku Bweranimawa unali utadutsa msewu waukulu ngati linthumbu. Mfumu inatsitsa galasi.

"Kukugawidwa chiyani kumeneko?"

"Palibe, wawa," inayankha Nduna ya Zaumoyo, a Mwachiratu. "Akudikira dokotala."

"Onsewa? Bwanji aliyense osangoitana wake?"

Funso limeneli linali lakuya kwambiri, choncho panakhazikitsidwa gulu la anzeru. Anzeruwo anakabindikira mu hotela ya kumapiri, kumene anafufuza mpaka malamba anayamba kuwathina, ndipo anabwerako ndi chinthu chimene ngakhale mbuzi za ku Chidontha zinkachidziwa. Vuto linali kanenedwe kake. Pamaso pa Mfumu Ndakhuta mawu oti "umphawi" anali ngati kutukwana, popeza mfumu inali italengeza kale pa wailesi kuti dziko lonse lakhuta. Ndiye mkulu wa anzeru anagwada, anatsokomola pang'ono, n'kunena kuti, "Wawa, taona chodabwitsa. Nyumba iliyonse ya malata ili ndi dokotala wakewake, za udzu zilibe. Zikuoneka kuti madokotala amatsata malata."

Bwalo lonse linagwedeza mitu mogoma. Nduna ina inati mwina ndi kung'anima kumene kumawakopa. Ina inati mwina udzu umawayetsemulitsa. Kanduna kena katsopano, kosadziwa kuti pabwalo salankhulapo zanzeru, kanafunsa kuti bwanji osangogulira anthu onse malata, kapena kulemba madokotala okhazikika ku Bweranimawa. Nduna ya Chuma, a Chamthumba, atangomva mawu oti "kugula" anakomoka pomwepo, koma palibe anadandaula chifukwa dokotala wawo anali panja m'galimoto.

Mfumu inasinkhasinkha mpaka fungo la nkhomaliro linalowa m'bwalo, kenako inaimirira. "Kuyambira lero," inatero, "m'dziko langa musapezeke munthu wa nyumba ya malata wopanda dokotala wake. Ndanena ine." Ng'oma zinalira, nduna zinaomba m'manja mpaka zikhatho kufiira, ndipo a Chamthumba anatsitsimuka atanong'onezedwa kuti lamuloli likupereka madokotala kwa anthu amene anali nawo kale. A Penyani, alamu ake a mfumu, anasankhidwa kuti ayendere dziko lonse kuona madenga.

Lamuloli linafika pa msika wa Tsitsaniko tiyi wa kubwalo asanazizire.

"Mwamva anthuni? Mfumu yalamula kuti okhuta adye," anatero mayi wa tomato.

"Ndi mfumu yachifundo imeneyo," anayankha bambo wa makala. "Chaka chamawa ilamula kuti nsomba zizikhala m'madzi."

"Ine ndikafunsa ngati chidebe changachi akuchiwerengera," anatero wina. "Ndi lata lenileni ili. Ndingochivala kumutu, dokotala azinditsata."

Msika wonse unaseka, koma Esnala sanaseke nawo. Mawu a chidebewo anamulowa. Anavundikira thobwa lake, anasiyira mayi wa tomato kuti amuyang'anire, n'kulunjika kwa a Sikelo.

A Sikelo ndi amene ankasunga katundu wa maliro wa ku Chidontha: mabenchi, miphika ikuluikulu, makasu a adzukulu, ndi malata ochepa amene anthu anasonkherana kalekale kuti anamfedwa asamanyowe nthawi ya mvula. Mwambo wa katunduyu unali umodzi wokha, woti sakanizidwa. Kaya ndi wopemphera, kaya ndi chidakwa, kaya munayambana naye dzulo pa nkhani ya nkhuku, akabwera kudzapempha amanyamula.

A Sikelo ataona Esnala akubwera mwandawala anavula chipewa. "Kwagwanji, mayi a Dalesi? Musandiuze kuti a Fulujensio..."

"Ayi, ali moyo, akusoka nsapato. N'chifukwa chake ndabwera. Ndibwerekeni malata aja ndisanawafune pa ntchito yake yeniyeni."

Anawafotokozera zonse. A Sikelo anakanda mutu nthawi yaitali. "Chibadwire sindinabwereketsepo malatawa chifukwa cha munthu wamoyo," anatero. "Koma mwambo sunanene kuti mpaka munthu atsogole. Nanga mukweza nokha?"

"Mutu umodzi susenza denga, a Sikelo. Ndiitana anzanga ochepa."

Pamenepo ndiye panalakwika. Ku Chidontha ukanong'oneza anzako ochepa, wauza dera lonse. Mayi wa tomato anali ndi mwana wa mphumu. Bambo wa makala anali ndi amayi ake a shuga. Khomo lililonse linali ndi wake woyamba poyambirira. Esnala anayesa kuwachonderera kuti nzeruyi inali ya nyumba imodzi, kuti ikachuluka ionekera, koma a Sikelo anangotambasula manja. "Katundu wa maliro sakanizidwa, mayi," anatero, ndipo Esnala anagonja chifukwa iye mwini ndi amene anadalira mwambo umenewo.

Tsiku loona madenga a Penyani anafika atavala nsapato zoyera mbee. Atayang'ana matope a ku Chidontha, anazindikira kuti denga limaoneka bwino munthu ali m'galimoto. Zimenezi zinachepetsa ntchito, chifukwa pankangofunika kufolera mbali yoyang'ana kumsewu. Amuna ankayala malata pamwamba pa udzu n'kupsinja ndi miyala, akazi n'kumalandirana kuseri. Esnala anatenga ntchito yovuta kuposa zonse, yoyenda pambali pa zenera la a Penyani ndi chidebe cha thobwa kumutu. Galimoto ikafika pokhota ankawadzazira kapu, kuwapatsa chitumbuwa chotentha, n'kuwafunsa za ana kunyumba mmodzimmodzi. Pamene bwana ankatafuna, malata ankatsika, n'kuthamanga kudutsa kuseri kwa zimbudzi ndi m'timinda ta mpiru, n'kukakwera nyumba za kutsogolo.

"Kukumveka chiyani kuseriko, ngati mabingu?" anafunsa a Penyani.

"Ndi chitukuko, bwana," anayankha Esnala. "Kuno chimabwera ndi phokoso."

Atayenda pang'ono a Penyani anatsinzinira diso limodzi. "Lata lopindika pakonalo, ngati ndaliona kale penapake."

"Tonse timagula sitolo imodzi, bwana. Onjezaniko thobwa."

Dzuwa likupendeka Chidontha yense anali ataoneka wa malata. Anthu anatengeka ndi ntchito mwakuti anafolera ngakhale khola la nkhumba za a Sikelo. A Penyani anabwerera mimba ili ndendende, nsapato zili mbee, ndipo malata aja, atatopa ndi ulendo, anatsamiritsidwa pakhoma la nyumba ya Esnala chifukwa ndi pamene panali pafupi.

Pasanapite nthawi dokotala anabweradi. Dzina lake anali Dokotala Kalimanjira, wa chipatala chake cha ku mtunda wa Tafika, ndipo lamulo linati ulendo woyamba ndi wa moni, wosalipira. Anali munthu wabwino, zimenezo tisamunamizire. Ataona udzu pamwamba anangomwetulira, sanafunse kanthu. Anakhala pa kampando ka a Fulujensio kosokera nsapato, n'kunena kuti, "Tayambani poyambirira, bambo, koma kano n'komaliza." Anamvetsera nkhani yonse, ndi ya chizungulire cha kutchalitchi yomwe. Anayala mapiritsi oyera, achikasu ndi ofiira pa mphasa, anapukusa mutu, anawakolola onse n'kusiya a mtundu umodzi wokha.

Esnala analowa m'nyumba kukalira, misozi yake inali ya chimwemwe. M'masabata otsatira miyendo ya a Fulujensio inaphwa, ndipo tsiku lina la Mulungu anavala nsapato zenizeni, zosoka okha, n'kuyenda mpaka kutchalitchi akupereka moni ngakhale kwa anthu amene sankawadziwa.

Koma walira mvula walira matope. Kubwalo a Penyani anagwada pamaso pa mfumu n'kulengeza kuti ku Chidontha kulibe ndi nyumba imodzi yomwe ya udzu, ndipo ngakhale nkhumba zikugona pansi pa malata. Mfumu inagwetsa misozi poona mphamvu ya mawu ake. Lamulo limodzi lokha, dera lonse lalemera! A Penyani anavekedwa mendulo yolemera moti khosi linapindika. Chisangalalo chili mkati, a Chamthumba anakweza chala mwaulemu.

"Wawa, ngati ku Chidontha aliyense ali ndi dokotala wake, nanga chipatala cha Bweranimawa n'cha ndani?"

Funsoli silinafune gulu la anzeru. Chipatala chinatsekedwa sabata yomweyo, n'kusandutsidwa nyumba yosungiramo zinthu zakale, kuti ana a sukulu azikaona mmene anthu ankavutikira Mfumu Ndakhuta isanalankhule. Alendo olemekezeka akamabwera, boma linkalemba ganyu anthu a ku Chidontha kuti aime pa mzere ngati kale, ndipo aliyense ankavomereza kuti amaichita bwino ntchitoyo.

Mapiritsi a a Fulujensio atatha, Esnala anakwera mtunda wa Tafika ndi chigubu cha thobwa chopatsa dokotala. Kuchipatalako kunali mipando yofewa ndi maluwa, ndipo kunalibe mzere. Mtsikana wa pakhomo anamulandira ndi ulemu wonse n'kumutchulira mtengo woonana ndi dokotala, mankhwala padera. Esnala anapempha kuti abwereze, poganiza kuti mwina mtsikanayo akunena mtengo wa nyumbayo. Atabwereza, Esnala anakhala pa mpando wofewa uja osafunsa.

Dokotala Kalimanjira anatuluka yekha. "Mayi a Dalesi! Bambo ali bwanji kunyumba?"

"Mankhwala atha, adokotala. Koma zimene ndamva apazi, ngakhale nditagulitsa thobwa mpaka Khirisimasi..."

Dokotala anayang'ana pansi, manyazi akuoneka. "Mayi, lamulo linati ndikhale wanu. Silinanene kuti wondilipira ndani. Ndinakafunsa kwa a Nduna ya Chuma, anakomoka. Ndikathandiza inu ulele, mawa Chidontha yense ali pano, ndipo nanenso mankhwalawa ndimagula." Anapisa m'thumba n'kumupatsa timapiritsi tochepa tomwe tinatsala kwa wodwala wina. Thobwa analandira, ndipo anati linali lokoma.

Potsika mtunda Esnala anadzera pamsika, kumene nkhani inali itafika kale.

"Tikuoneni, a mpondamatiki," anatero bambo wa makala. "Ifenso talemera. Amayi anga akudwala shuga wa anthu olemera tsopano."

"Kale tinkadandaula kuti tikuona nkhope yatsopano mwezi uliwonse," anawonjeza mayi wa tomato. "Mulungu wamva, watichotsera nkhopezo."

Palibe anamuloza chala, poti malata aja onse ananyamula nawo, koma Esnala mtima unkamuwawa ngati amuloza. Anaganiza kuti bodza limene analiyambitsa yekha akalithetse yekha. Tsiku la madandaulo anavala chitenje chake chabwino, anapita kubwalo, anagwada patali n'kuomba m'manja.

"Wawa, ndabwera kudzaulula. Malata aja anali obwereka, ndi a maliro. Ife a ku Chidontha nyumba zathu n'za udzu, zimadontha mpaka lero. Ndilangeni ine, koma mutitsegulire chipatala. Amuna anga akudwala."

A Penyani anagwira mendulo yawo ndi manja awiri. Mfumu inayang'ana a Mwachiratu, ndipo a Mwachiratu anaimirira ndi nkhope ya chisoni.

"Mayi, taganizani bwino. Amene anaona malata ndi alamu ake a mfumu. Amene analengeza kuti Chidontha walemera ndi mfumu yeniyeniyo, pa wailesi. Ndiye inu mukuti mwa awiriwa wabodza ndani?"

"Wabodza ndine, bwana."

"Eya, mwavomera nokha kuti ndinu wabodza. Nanga bwalo likhulupirire bwanji zimene mwanenazi?"

Nduna zinaomba m'manja chifukwa cha nzeru zakuya zimenezi. Mfumu, pokhala yachifundo, inamukhululukira Esnala mlandu wodzinamizira umphawi, ndipo inamulangiza kuti chuma chisamamuchititse manyazi. Asilikali anamuperekeza mpaka pageti mwaulemu woyenera mayi wolemera.

Mvula yoyamba inagwa mwezi womwewo, ndipo Chidontha anadontha monga mwa dzina lake. Timapiritsi tija tinatha. A Fulujensio anabwerera ku patapata, kenako patapata nayenso anayamba kukana, moti ankangosokera nsapato pakhonde miyendo atayika pa kampando. Sankadandaula, anali munthu wosavuta kumusangalatsa.

Tsiku lina masana galimoto ya Dokotala Kalimanjira inadutsa pamsewu, ikuchokera kwa wodwala wina wa kutsidya. Itafika pa nyumba ya Esnala inachepetsa liwiro, galasi linatsika, dokotala n'kutulutsa mutu.

"A Fulujensio! Miyendo ija ili bwanji?"

"Ikuyesera, adokotala, ikuyesera!" anakuwa a Fulujensio akugwedeza nsapato m'mwamba.

Dokotala anayang'ana miyendoyo, anatsegula pakamwa ngati anena kanthu, koma galimoto ya kumbuyo inaliza hutala ndipo anapitirira. A Fulujensio anatembenukira kwa mkazi wawo nkhope ikuwala ngati mwana.

"Wamva, Nagama? Wanditchula dzina. Wakumbukira ndi miyendo yomwe. Si zimene unkafuna zija?"

"Ndi zomwezo, bambo a Dalesi," anayankha Esnala, n'kuyang'ana kumbali.

Nthawi yomweyo a Sikelo anatulukira ndi ambulera yothyoka, akuyendera katundu wa maliro monga ankachitira mvula ikayamba. Anaima pa malata aja, amene anali chitsamire pakhoma la Esnala kuyambira tsiku la a Penyani. Anayang'ana malata, anayang'ana miyendo ya a Fulujensio, kenako anatsitsa mawu kuti mwini miyendo asamve.

"Mayi a Dalesi, malatawa ndimati ndiwatenge. Koma mwina angokhala pompano? Kunyamula kawiri n'kotopetsa."

Sananene mwankhanza, a Sikelo anali munthu woganizira misana ya anzake. Esnala anapinda chitenje n'kupanga nkhata, anasenza lata loyamba, lopindika pakona lija, n'kuuyamba ulendo mvula ikumuwomba. Anawanyamula onse yekha, limodzilimodzi, kudutsa pakhomo pa a Sikelo osaima, mpaka kukawasiya kuseri kwa nyumba yakumapeto kwenikweni kwa Chidontha. Anthu anaima m'makonde kumuyang'ana, ndipo pa tsiku limeneli lokha palibe amene anapeza nthabwala yonena.